Appraiser wandidulira nyumba pakati, kodi zipinda zapansi sizili m'nyumba?

MwanaWakuNtcheu

Moni nonse apabwalo. Amene mumadziwa za nyumba za kuno ku America ndithandizeni, chifukwa chilandirireni lipoti ili tulo sindikutiona bwino.

Ndimakhala ku South Bend, Indiana. Nyumba yathu tinagula mu 2019, ndi zija amati bi-level. Ukatsegula chitseko chakumaso umafikira pakamalo kovulira nsapato, masitepe ena akukwera, ena akutsika. M'mwamba muli balaza, khitchini, zipinda zogona ziwiri ndi bafa. Pansi pali balaza lina lalikulu momwe ana amaonera TV, chipinda chomwe amafikira apongozi akabwera, bafa lachiwiri, ndi kachipinda ka makina ochapira ndi otenthetsera nyumba. Pepala la ejenti lomwe tinagulira ndikadali nalo: masikweya fiti 2,100, zipinda zogona zitatu, mabafa awiri.

Chaka chino tinaganiza zokonzanso ngongole ya nyumbayi kuti titapepo kandalama tikafolere nyumba yomwe tikumanga kumudzi. Inaima pa bimu kalekale, mvula ikungoimenya. A banki anatumiza appraiser, munthu woyeza nyumba n'kuika mtengo wake. Bambo aulemu ndithu, nsapato anavula pakhomo osauzidwa. Koma nthawi yambiri anathera panja, akuzungulira nyumba ndi kamakina ka laser ndi tabuleti, kwinaku akundipondera maluwa. M'kati anangojambula zithunzi, kuloza kamakina kaja kusiling'i, kutsika pansi, kutsegula windo la chipinda cha apongozi n'kuliyeza, basi ulendo.

Lipoti litabwera, pomwe alemba Gross Living Area, kukula kwa malo okhalamo, pali masikweya fiti 1,092. Zipinda zogona ziwiri. Bafa limodzi. Abale, theka la nyumba lapita kuti? Pansipo si kudzenje ayi. Mawindo ndi aakulu, dzuwa limalowa, pali kapeti, makoma ndi openta, nthawi yozizira kumatentha chimodzimodzi ndi m'mwamba. Matailosi a m'bafa lapansilo ndinaika chaka chatha ndi ndalama za ovataimu, msana ukuwawa. Dothi lakunja limangofika cha m'chiuno, kwina konseko khoma lili pamtunda.

Mtengo womwe aika ndi wotsika kwambiri ndi momwe timayembekezera, moti yomwe banki ingatipatse siikwanira malata ndi matabwa. Anthu amenewa amayeza bwanji? Wanama ndani, ejenti wa 2019 kapena bambo awa? Nanga pali pokadandaula?

Kabaza77

Achemwali, musachedwe nazo. Ena mwa anthu amenewa akangoona zithunzi za anthu akuda pakhoma, dzanja limalemera. Mwaiwala nkhani ya mayi uja wa ku Indianapolis yomwe inamveka mu 2021? Anamuwerengera motsika kawiri konse. Kenako anachotsa zithunzi za banja lake, n'kupempha mzungu kuti akhalepo tsiku loyeza, mtengo unakwera kuposa kawiri. Ku Indiana komweko. Itanitsani wina basi.

WogwiraTepi

Zomwe akunena achimwene a Kabaza zinachitikadi, ndipo sindikuzichepetsa. Koma nambala ya 1,092 payokha si umboni wa tsankho. Nyumba imeneyo ikanakhala ya mzungu, pamzere umenewo pakanalembedwa zomwezo. Ndinagwirapo ntchito kwa appraiser wina kuno ku Columbus, Ohio, ine wogwira tepi ndi kujambula mapulani pakompyuta, ndiye ndifotokoze momwe zimayendera.

Mabanki ambiri akakubwerekani ndalama ya nyumba sasunga ngongoleyo, amakaigulitsa kwa makampani akuluakulu ogula ngongole za nyumba, Fannie Mae kapena Freddie Mac. Kuyambira pa 1 Epulo 2022, Fannie Mae analamula kuti nyumba ziziyezedwa motsatira muyezo wa ANSI Z765-2021, ndipo Freddie Mac anatsatira pambuyo pake. Muyezowu ndi wakale, unayamba mu 1996, koma kale ambiri ankautsatira akafuna. Tsopano appraiser akapatuka osafotokoza chifukwa, lipoti likhoza kubwezedwa.

Nyumba yoima payokha amaiyeza kunja, kuchokera pangodya kufika pangodya, makoma ndi kunenepa kwake komwe. N'chifukwa chake maluwa anu anaona zakuda. Amalemba mpaka pa inchi, kapena gawo limodzi mwa magawo khumi a fiti, kenako kompyuta imajambula pulani n'kuwerengera. Pulani yojambula pamanja salolanso.

Tsono pomwe pakukupwetekani ndi apa. Gawo lililonse la nyumba lomwe mbali yake ina ili pansi pa dothi, lonselo limawerengedwa kuti ndi lapansi. Kaya dothi lafika m'chiuno, kaya m'mawondo, kaya ndi khoma limodzi lokha lomwe lakwiririka pomwe kumbuyo kuli chitseko chotulukira pabwalo, n'chimodzimodzi. Sayang'ana kapeti, sayang'ana matailosi. Bi-level iliyonse imagwa m'mbuna imeneyi, chifukwa mamangidwe ake ndi omwewo: amakumba pang'ono, gawo lapansi n'kukhala theka m'dothi. Ineyo lamuloli sindilikonda kwenikweni, chifukwa limaika pamodzi chipinda chowala ngati chanucho ndi basement yachinyezi yosungiramo makatoni. Koma ubwino wake ndi woti palibe kukangana kuti dothi lifike pati, ndipo anthu awiri akayeza nyumba imodzi amayenera kupeza nambala imodzi.

Chomwe ndikufuna muone ndi ichi: zipinda zanu sizinatayike. Tsegulani tsamba lomwe lili ndi mizati, nyumba yanu kumanzere, nyumba zina zoyerekezera zitatu kapena kuposerapo kumanja. Pansi pa mzere wa Gross Living Area pali wina wolembedwa Basement & Finished Rooms Below Grade. Pamenepo mupeza kukula kwa gawo lapansi, gawo lomwe ndi lomalizidwa, chipinda chogona chija ndi bafa. Nazo zimapatsidwa mtengo, kungoti sikweya fiti yapansi kawirikawiri imatsika mtengo poyerekeza ndi yam'mwamba, chifukwa ogula nawo amalipira choncho. Windo lija anatsegula ankaona ngati munthu angatulukirepo moto utabuka. Malamulo omangira omwe madera ambiri amatsatira amafuna kuti windo la chipinda chogona litseguke masikweya fiti 5.7, ndipo lisatalike kuposa mainchi 44 kuchokera pansi.

Kusiling'i ankayeza kutalika. Pamafunika mafiti 7, omwe ndi mamita 2.13. Pansi pa bimu kapena mapaipi a mpweya amalola mafiti 6 ndi mainchi 4. Zovuta zimakhala m'nyumba zija amati Cape Cod, zomwe zipinda zam'mwamba zili m'denga, siling'i n'kumatsetsereka mbali zonse. Abwana anga anali ndi kandodo kodula mafiti 5 ndendende. Ndinkakagwira choimika n'kumayenda nako cha kukhoma mpaka nsonga igunde siling'i, pomwepo n'kuika chala pansi. Kuchokera pachala kupita kukhoma sikuwerengedwa, ngakhale pali bedi la mwana. Komanso theka la malo otsalawo liyenera kufika mafiti 7, apo ayi chipinda chonse chimachoka pa nambala yaikulu n'kukalembedwa padera. Mayi wina anatitsatira mpaka pagalimoto akulalata chifukwa cha kandodo kameneko.

Zina n'zachidule. Masitepe amawerengedwa ku gawo lomwe akutsikira kuchokera. Ngati balaza lili lotseguka mpaka kudenga, m'mwamba mopanda pansi poponda, malo amenewo amawerengedwa kamodzi kokha. Galaja ayi. Khonde ayi, ngakhale lotchinga ndi magalasi, ngati simungakhalemo mu Januwale. Chipinda chomwe umachita kutuluka panja kapena kudutsa m'galaja kuti ukalowemo chimalembedwa pachokha. Ma condo, mafulati a m'nyumba zosanja, ndi omwe amayezedwa m'kati.

Za ejenti uja, ndikuganiza anangophatikiza m'mwamba ndi pansi. Ambiri amatero pofuna kukopa ogula, ena amangokopera nambala ya ku ofesi ya msonkho osayeza n'komwe.

Koma funso lenileni si lakuti 1,092 kapena 2,100. Mtengo sautenga pochulukitsa masikweya fiti ndi dola. Amautenga ku nyumba zofanana ndi yanu zomwe zagulitsidwa posachedwa m'dera lanu, n'kumawonjezera kapena kuchotsera pomwe zasiyana. Ngati yanu aidula pakati, nazonso ziyenera kudulidwa pakati. Tiuzeni zomwe zalembedwa m'mizati ya nyumba zinazo.

MwanaWakuNtcheu

Achimwene, Mulungu akudalitseni. Ndabwera ku shifiti, sindinavule ndi yunifomu yomwe, ndayala mapepala onse patebulo.

Mzere uja ndaupeza. Alemba gawo lapansi 1,008, lomalizidwa 888, chipinda chochezera chimodzi, chogona chimodzi, bafa limodzi. Pa pulani, m'mwamba ndi mafiti 42 kwa 26, pansi 42 kwa 24. Ndinadabwa kuti pansi pachepa bwanji, ndiye ndatuluka ndi tochi. Zoonadi, kumaso kwa nyumba gawo lam'mwamba linatulukira kunja mafiti awiri, pomwe timabisala mvula tikamafufuza makiyi. Ukaphatikiza 1,092 ndi 1,008 ikukwana 2,100 ya ejenti ija, kutanthauza kuti anawerengera ndi kachipinda ka makina komwe, kopanda siling'i, pansi pake simenti yokhayokha. Chabwino, pamenepo mtima watsika.

Koma tamverani izi. Nyumba zoyerekezera zilipo zitatu. Yoyamba ndi yachitatu ndi ma bi-level, manambala ake 1,066 ndi 1,120, ndipo zonse zili ndi zipinda pamzere wapansi uja. Yachiwiri ili mumsewu mwathu momwemuno, ndimaidutsa tsiku ndi tsiku. Ndinalowamo eni ake akale akugulitsa katundu posamuka, ndinagulako mpando. Ndi mapasa ndi yathuyi, ndi masitepe omwe ali pamalo amodzimodzi. Inagulitsidwa $214,000. Koma pa Gross Living Area ailembera 2,040, pamzere wapansi alemba 0. Kenako pambali pali -28,400, pansi pake +13,300. Ndiyo inagulidwa mokwera kuposa zinzake, koma atachotsera yatsika mpaka kuchepera $199,000. Chithunzi chake chili m'lipoti momwemo, mawindo apansi akuoneka ali pafupi ndi kapinga. Ndikuona bwino kapena ndi tulo?

AnganeKuLeeds

Ine za ku America sindiyankha, ndingoti nkhaniyi yandiseketsa chifukwa kuno ku England zili mwina. Munthu akamagula nyumba safunsa masikweya, amafunsa zipinda zogona. Atatu bedi, awiri bedi, basi. Chachitatucho ukachiona, bedi likalowa chitseko sichitsekeka. Boma linatulutsa muyezo mu 2015 wakuti m'nyumba zatsopano chipinda cha munthu mmodzi chisachepere masikweya mita 7.5, cha anthu awiri 11.5, koma nthawi zambiri umagwira ntchito pokhapo khonsolo yautenga, ndipo nyumba zakale sukuzikhudza.

Ma surveyor, oyeza nyumba a kuno, amatsatira malangizo a bungwe lawo la RICS. Pogulitsa nyumba nambala yomwe umaiona kawirikawiri ndi ya m'kati mwa makoma, pomwe ya kunja amaigwiritsa ntchito powerengera ndalama yomangiranso nyumba pa inshulansi. Ndiye nyumba imodzi imakhala ndi manambala awiri, onse oona. Ndodo ya achimwene ija kuno ndi mita imodzi ndi theka, malo ofupika kuposa apo pa pulani amawajambula ndi timadontho. Amene mukuyerekeza nyumba za kuno ndi za uko, sikweya mita imodzi ndi masikweya fiti 10.76, komanso kumbukirani kuti anzathuwo awerengera ndi makoma.

MlondaWaArea25

Pepani amayi, zithe bwino. Ine ndili ku Lilongwe konkuno. Nditafuna ngongole kubanki, valuwa anabwera ndi mnyamata wake ndi tepi yaitali ija yokulunga. Nawonso anayeza kunja. Koma lipoti lake linali ndi mizere yambiri: nyumba yaikulu payokha, khonde palokha pamtengo wotsika, boyizikota payokha, mpanda wa njerwa anauyeza m'litali, thanki ya madzi, kenako malo. Anandifotokozera kuti mitengo yeniyeni yomwe anthu agulitsirana m'dera lathu imavuta kuipeza, ndiye anawerengera ndalama yomangira nyumba ngati yomweyo lero n'kuchotsera kukalamba kwake. Chomwe chinandipweteka ine si tepi. Zipinda ziwiri zomwe ndinawonjezera kumbuyo sizinali pa pulani yovomerezeka ndi khonsolo, ndipo anazilemba m'lipoti kuti a banki adziwe. Ndiye poti mukumanga kumudzi, ngati mukuganiza zodzaikapo chikole tsiku lina, mapepala a malo ndi pulani musunge bwino. Malata akwera, fulumirani.

Kabaza77

Mwaona? Ndinanena ine. Nyumba yokwera mtengo ndi yomwe aitsitsa. Zangochitika mwangozi zimenezo?

WogwiraTepi

Achemwali, si tulo ayi, mwaona bwino, ndipo mwapeza chinthu chogwirika.

Appraiser amayeza nyumba yanu yokha. Zoyerekezerazo salowamo, amaziona ali pamsewu n'kujambula chithunzi, manambala ake amatenga pa zomwe ma ejenti analemba pogulitsa kapena ku kaundula wa kaunti. Ntchito yake ndi kuzindikira kuti 2,040 ya bi-level ndi yophatikiza, n'kuigawa yekha m'mwamba ndi pansi. Pa yoyamba ndi yachitatu anatero. Pa yachiwiri zikuoneka kuti nambala inalowa momwe inabwerera. Zili ngati kuika pasikelo dengu la chimanga chotonola, mbali inayo dengu la chosatonola.

Tiwerengere limodzi. 2,040 kuchotsa 1,092 ndi 948. Anachotsera 28,400, kutanthauza pafupifupi $30 pa sikweya fiti yam'mwamba. Poti anaiona ngati yopanda gawo lapansi, anabwezera 13,300 chifukwa cha 888 yanu ija, pafupifupi $15 pa sikweya fiti. Kusiyana kwake ndi 15,100, ndipo imeneyo ndi ndalama yomwe nyumba ija yatsitsidwa popanda chifukwa, ngati ilidi mapasa ndi yanu. Ikanagawidwa bwino, mizere iwiriyo ikanakhala ndi timanambala tating'ono kapena ziro.

A Kabaza, ngozi kapena dala, ine sindingaone mumtima mwa munthu. Cholakwika chotere ndinachionapo m'malipoti a nyumba za anthu amitundu yonse, makamaka munthu akamathamangira malipoti ambiri pa sabata. Ngati achemwali aona zizindikiro zina za tsankho, monga mawu onyoza dera kapena kusiya nyumba zapafupi n'kukatenga zakutali zotchipa, khomo la HUD, unduna wa boma woona za nyumba, lilipo, ndipo dandaulo limayenera kuperekedwa chaka chisanathe. Koma zoitanitsa appraiser wina mwa inu nokha n'kukapereka lipoti kubanki, kumeneko n'kutaya ndalama. Banki imalandira lipoti lomwe yaitanitsa yokha.

Njira yake ndi yomwe amati Reconsideration of Value, kupempha kudzera kubanki kuti aunikenso mtengo. Musawaimbire bambo aja, chifukwa ngakhale munalipira ndinu, kasitomala wawo ndi banki, ndipo sangakambirane nanu za mtengo. Uzani amene akuyendetsa ngongole yanu kuti mukufuna fomu yake, ndipo muchite musanasaine mapepala omaliza. Pa ngongole za Fannie Mae mwayi wake ndi umodzi pa lipoti lililonse, ndiye musatumize mwaphuma.

Polemba, za ovataimu ndi matailosi zisiyeni, ngakhale zikuwawa. Lembani mwachidule kuti nyumba yachiwiri ndi bi-level, kuti 2,040 yaphatikiza gawo lapansi, ndipo mukupempha kuti igawidwe ngati momwe yagawidwira yanu. Umboni wake: chithunzi chomwe chili m'lipoti lawo lomwelo, zithunzi za m'kati za nthawi yomwe inkagulitsidwa, zomwe kawirikawiri zimatsalira pa mawebusaiti otsatsa nyumba monga Zillow kapena Redfin, ndi khadi la nyumbayo la ku ofesi ya msonkho ya kaunti, lomwe limapezeka pa intaneti ndipo nthawi zambiri limaonetsa gawo lililonse palokha. Amalolanso kuwonjezera nyumba zina zogulitsidwa, zosapitirira zisanu. Musatole zokwera mtengo zokhazokha. Sankhani ma bi-level apafupi, ogulitsidwa miyezi yapitayi, ngakhale awiri okha. Ejenti aliyense wa m'deralo akhoza kukutulutsirani mndandanda.

Ndisakulonjezeni zambiri. Mtengo womaliza umachokera ku nyumba zonse zitatu, ndiye imodzi ikakwera ndi 15,100 sizitanthauza kuti yanu ikwera ndi yonseyo. Zitengera kuti aipatsa kulemera kotani, ngakhale kuti ya mumsewu womwewo, pulani yomweyo, imayenera kumveka kwambiri. Komanso pa ngongole yotapa ndalama ngati yanuyi malire ake nthawi zambiri ndi 80 peresenti ya mtengo wa nyumba, kutanthauza kuti mtengo ukakwera ndi $10,000, inu mukhoza kutapa $8,000 yowonjezera, musanachotse zolipira potseka ngongole.

MwanaWakuNtcheu

Khadi la kukaunti ndalipeza. Nyumba ija alemba m'mwamba 1,068, pansi 972. Ndasindikiza, ndazunguliza ndi cholembera chofiira. Fomu anditumizira, koma malo olembapo ndi mizere inayi yokha. Achimwene, ndikhoza kumata tsamba lina pambuyo, kapena zonse zikwane m'mizere imeneyi?

WogwiraTepi

Matani, amalola. M'mizere inayiyo lembani mfundo ya nyumba yachiwiri yokha ndi manambala ake, 2,040, 1,068 ndi 972, kenako muti umboni uli pamasamba otsatira. Masambawo muwaike manambala, khadi la kukaunti likhale loyamba.